Mapazi atakana masilipasi

Mwana wanga wamkazi anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri pamene mapazi ake anayamba kukana masilipasi. Zinali zaka zoyambirira za matipate, tikukhala ku Chikanda, nyumba yanga ndi yawo kuyang'anizana. Mwamuna wake ankagulitsa zipatso pamwamba pa phiri, ndipo nkhungu ikatseka njira ankagona komweko.

Chemwali anga atabwera kuchokera ku Malosa kudzazonda, anadina phazi la mwanayo ndi chala, pakatsala kadzenje.

"Achimwene, ili ndi tsempho," anatero. "Akamwini anuwa kuphiriko sakugulitsa zipatso zokha."

Mkamwini anayang'ana pansi. "Kumtundaku kuli anyani okhaokha, amayi."

"Nanga anyaniwo alibe alongo awo?"

Onse anaseka, ngakhale wodwalayo, atagwira mutu. Ine sindinaseke. Amayi ake a mwanayu anatupa chimodzimodzi ali ndi pakati pena, iye ali wamng'ono. Akuluakulu anati mwamuna wayenda kunja, ndipo ine, ngakhale sindinayende, ndinavomera kuti nkhani ithe. Tinataya masiku ndi mankhwala a tsempho. Tsiku lina mkazi wanga anagwa pakhonde n'kuyamba kuphupha, osadzukanso.

Chemwali anati tidikire, mawa akatenga mankhwala kumudzi. Apo mwana wanga ananena kuti akuona tinyenyezi m'maso, dzuwa lili pamutu. Mawu amenewo ndinali nditawamvapo. Ndinatuluka n'kukabwereka njinga.

Kuchipatala anamwino anamumanga lamba pamkono, napopa, nkhope yawo n'kusintha. Anati magazi akuthamanga kwambiri, ndipo matenda amenewa amagwetsa azimayi apakati. Anamubaya jakisoni woletsa kuphupha, matako onse awiri, n'kumugoneka. Kenaka anamupatsa timapiritsi totsitsa bipi. Ndinafunsa ngati sitipweteka mwana wa m'mimba.

"Agogo, awa ndi amene timapatsa apakati. Choopsa n'kudumphitsa."

Ndinafunsanso, motsitsa mawu, ngati mwamuna angabweretse kutupa kotere.

"Ayi. Ngakhale mkazi wa abusa timamugoneka pabedi lomweli."

Ndinatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango, nthawi yaitali ndithu.

Bipi itatsika anamulola kupita kunyumba, azibwera kusikelo pafupipafupi. Ine kuwerenga ndinaphunzira imvi zitamera, kusukulu ya kwacha, koma mawu atatu a pakapepala ka mapiritsi ndinkawatha: m'mawa, masana, madzulo. Ndinkagogoda pakhomo pake ndi kapu ya madzi. Mankhwalawo ankamuwodzeretsa, ndipo ankanditcha wapolisi. Mkamwini anasiya kugona kuphiri, ankatsika ngakhale mvula ikugwa.

Anamwino sanadikire kuti masiku akwane. Anamuyambitsa matenda a uchembere msanga, n'kubadwa kamtsikana kakang'ono, kolira mwaukali.

Chemwali anabwera kudzaona khanda, nadinanso phazi. Kadzenje kunalibe.

"Mwaona, achimwene? Mkamwini wangosiya kugona kuphiri, mapazi aphwa."

Sindinawatsutse. Anamwino aja dzina sindinawafunse, koma ndimawatchula m'pemphero. Mwana wanga ali moyo. Masiku ano akudandaula mawondo, zaka zake zitapitirira kale pamene amayi ake anathera.