Magazi a Bambo Rashide

Bambo Rashide anali munthu wodziwa kudzisamala. Ankanyamula anthu panjinga kuchokera pamsika wa Mandimba kukawatula kumalire, ndipo pakhomo pawo chabwino chilichonse chinkayambira kwa iwo: chiwindi cha nkhuku, mutu wa nsomba, bulangete losang'ambika. Ankati nyumba yonse yaima pa miyendo yawo.

Akazi awo, mayi Rehema, atabereka mwana wachitatu anataya magazi ambiri. Anamwino a pachipatala, mayi Suzana, anawapatsa mapiritsi ofiira owonjezera magazi, nawauza kuti azimwa limodzi tsiku lililonse mpaka athe. Bambo Rashide anamvetsera bwino kuposa wodwalayo. Pobwerera anaisinkhasinkha nkhaniyo. Munthu wongokhala pamphasa n'kumayamwitsa, magazi achita nawo chiyani? Wofunika magazi ndi wopalasa zitunda. Atafika kunyumba anati mankhwalawo asunga okha kuopa ana, n'kuwaika m'thumba la malaya.

Ankamwa awiri m'mawa, kuti mphamvu zibwere msanga. Akazi awo akafunsa, ankawayankha kuti mapiritsi amenewo amaumitsa mkaka, anamva kwa mnzawo wa ku Cuamba. Mayi Rehema anayera m'manja ndi m'maso, akaweramira ndowa ankaona mdima. Amuna awo ankati ndi ulesi chabe.

Kenako m'mimba mwa bamboyo munauma. Chimbudzi chitatuluka movutikira, chinali chakuda bii ngati makala. Anadziwa pomwepo kuti anzawo anjinga awalodza chifukwa cha nsanje, ndipo anathamangira kuchipatala ali thukuta kamukamu, akazi awo akutsatira pang'onopang'ono ndi khanda kumbuyo.

Mayi Suzana anamva dandaulo lonse, kenako anatembenuza chikope cha mayi Rehema. Sanafunse zambiri. Anawatengera bamboyo pakhonde, pomwe amayi a makanda ankadikira sikelo.

"Amayi, sunthani pabenchipo," anatero. "Bambo awa ndi ntchembere ngati inu nomwe. Achira kumene, akumwa mankhwala ake."

Amayiwo anasuntha mwaulemu. Wina anafunsa ngati mkaka ukutuluka bwino.

Mayi Rehema anapatsidwa mapiritsi ena, ulendo uno n'kuwamangirira okha pansonga ya nsalu yawo ya kapulana, ndipo mphamvu zinabwerera mvula isanagwe. Bambo Rashide akupalasabe mpaka lero, koma pamsika dzina lawo linaiwalika. Wofuna kukwera amangoti, "A Ntchembere, taimani," ndipo iwo amaima.