Meseji Yoitana Bambo

Bambo anamwalira nyengo yachisanu, ndi chifuwa chomwe anabwera nacho kuchokera ku migodi ya ku Joni. Tinaika maliro kwathu ku Champiti, tinameta, zovala zawo tinagawana. Koma kafoni kawo ka mabatani, kong'aluka pakona, mayi anakana kupatsa munthu.

Mwezi utatha, kafoniko kanalira. Inali meseji ya kabungwe kotsata odwala chifuwa komwe ndimagwirako ntchito pa boma. Mlongo wanga anawawerengera mayi. Inatchula dzina lonse la bambo, n'kuwauza kuti akatenge mankhwala. Mayi anandiimbira, mawu ali pansi.

"Akuwaitana bambo ako. Kodi kuntchito kwanuko simunamve?"

Ndinachita manyazi, kenako ndinapsa mtima, poti wosamalira pulogalamu yotumiza mamesejiyo ndine. Ndinaipeza italembedwa kale ndi anthu a mtauni, ndipo lamulo lake linali lakuti palibe chofufuta. Ukasintha kanthu pa wodwala, kaya mudzi kaya sikelo, zakale zimatsala, pamabadwa mzere watsopano. Munthu mmodzi amakhala ndi mulu wa mizere, yonse mu tebulo limodzi, kaundula wa mu kompyuta. Kuti tsamba loonetsa odwala lisamachedwe kutseguka pa netiweki yathu yokwawayi, anauza chida cholankhula ndi detabesi, nkhokwe ya mizereyo, kuti chizingotola mzere womalizira kulowa, n'kumati ameneyo ndiye munthuyo lero.

Mzere wa imfa ya bambo unalimo, ndinauona ndi maso anga. Koma pambuyo pake kalaliki wina, posamutsira odwala kwa mlangizi watsopano, anatsegula mzere wakale, wa nthawi yomwe bambo ankayendabe, n'kuusunga. Makina anauika pamwamba pa imfa. Bambo anauka choncho, ndi sikelo yawo ya chaka chatha.

Sanali okha. Akufa ena a ku Tsangano ndi ku Lizulu ankaitanidwanso mwezi ndi mwezi. Ndinagwira ntchitoyo mokwiya, osafuna kucheza ndi munthu. Ndinapatula matebulo awiri. Lina linali la mmene munthu alili lero, mzere umodzi basi. Linalo linali la mbiri, longowerenga, losakhudza. Imfa ndinaiikira loko. Tsamba linayamba kutseguka msanga kuposa kale, abwana anandiyamikira, koma chilolezo choyamba kugwiritsa ntchito zatsopanozo chinatenga miyezi. Miyezi yonseyo meseji inkapitabe kwa mayi.

Itasiya, ndinakwera kabaza kupita kumudzi, ndili ndi kamtima koti ndawapumitsa. Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga, kafoni kaja kali pambali pawo, kodzadza moto. Mlongo wanga anandinong'oneza kuti amakakatchajitsa okha pa golosale, salola kutuma munthu.

"Mwezi uno sanawaitane," mayi anatero, osandiyang'ana.

"Ndinakonza, mayi. Sizidzachitikanso."

Anaika chitsononkho pansi.

"Kutchalitchi anawachotsa kale. M'mudzi muno aliyense akungoti malemu, ngakhale iwe. Amene ankawatchulabe dzina ndi a kuntchito kwanuko." Anatola kafoniko n'kukapukuta ndi nsonga ya chitenje. "Sungawabwezeretsemo?"

Ndinati sizingatheke, munthu akalembedwa kuti wamwalira makinawo salolanso kumudzutsa. Mayi anagwedeza mutu n'kupitiriza kutong'ola. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanandikalipira.

Mpaka lero kafoniko amakakatchajitsabe.