Tsiku Limene Ndinabisa Sipanala ya Chimkono

Inu amene mwakhala pansi mukuti dziko lakukanani, tamvani za mlongo wanga wamng'ono, amene tonse timam'tchula Chimkono. Munthu ameneyu wanditopetsa, koma mverani.

Tsiku limene zinthu zinafika poipa, anali chagada pansi pa sinki m'nyumba ya eni, madzi akum'thira kumaso, mayi a nyumbayo akukuwa. Pulambala wachikulire amene ankam'phunzitsa ntchito anathamanga kukatseka madzi, n'kumuuza kuti, "Iwe ntchito iyi si yako. Bwerera ukasenze matumba."

Kumatumbako sakanabwererako. Sukulu itam'kanika, ankasenza katundu pamsika mpaka msana unagonja, adokotala n'kumuletsa. Kunyumba mkazi anali woyembekezera. Akanaluza upulambala, banjalo likanadya chiyani?

Vuto lake linali mphamvu. Kwa iye chilichonse chodontha mankhwala ake n'kumangitsa. Mpopi wa tsiku limenelo unali wamakono uja, umene mutu wake umasololoka ndi kapaipi kofewa potsuka mbale. Unkangodontha pang'ono pansi pa sinki, pamene kapaipiko kamalumikizana ndi paipi ya madzi. Iye anakoka sipanala ngati akukweza thumba, nati n'kusweka.

Ndiye mukudziwa kumene anathawira? Kwa ine. Tsoka langa, amuna anga anagula mpopi wa mtundu womwewo pofuna kuti alendo aziona kuti nafenso tili pabwino.

"Achemwali, ndibwerekeni mpopi wanu ndiphunzirirepo."

"Mpopi wanga sudontha."

"Udontha ndikangomasula."

Ndinalola, paja chibale ndi fupa sichiola. Koma abale inu, ndinaona zakuda! M'mawa amasula, masana amanga, madzulo beseni pansi pa sinki. Kabati inafufuma, khitchini kununkha chinyontho, amuna anga osandiyankhulanso. Timphira timene timakhala polumikizira paja ankabweretsa tatsopano, koma tonse tinkatuluka titaphwanyika ngati tapondedwa ndi galimoto. Ndikati basi zakwana, iye amvekere, "Kamodzi kokha, achemwali." Nkhutukumve weniweni.

Tsiku lina zinandikwana zenizeni. Iye atamasula kale mpopi, ndinatenga sipanala ija n'kuibisa pansi pa zovala zakuda. Anasakasaka nyumba yonse, ine ndikungogwira ntchito zanga ngati sindikudziwa kanthu. Poona kuti ndikufuna kuphika ndipo madzi kulibe, anaika kamphira katsopano, n'kupotokola nati ndi zala zokha, uku akung'ung'udza, mpaka inaima.

Anatsegula madzi. Tinadikira. Anasolola mutu wa mpopi, kuubweza, kuusololanso. Anapisa dzanja pansi pa sinki: pouma gwa!

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "kani chimatseka madzi ndi kamphiraka? Ine nthawi yonseyi ndimakapha."

Ndinafuna kum'menya ndi chikolopa. M'malo mwake misozi inangotsika, ya mkwiyo ndi chimwemwe pamodzi.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Anapita kwa pulambala uja, mdalayo anam'thamangitsa. Anapitanso, anam'thamangitsanso. Chimkono ankangofika m'mawa n'kuima pachipata atanyamula kachikwama kake, mpaka mdala anatopa naye ngati mmene ndinatopera ine.

Anam'tengera kunyumba yomwe ija, chifukwa mayi aja anali ataitananso: tsopano mpopi unkadontha pakhosi, pamene mutu wa mpopi umakumana ndi kapaipi. Mayiwo atangomuona anakuwa, "Ameneyu ayi! Asandikhudzire mpopi wanga!"

"Mayi, akathiranso madzi, ndikolopa ndine," anatero mdala.

Chimkono anatseka madzi, anamasula, anachotsa kamphira kakutha, anapukuta mazinga a nati, n'kuika katsopano. Anamanga ndi zala, chimunthu chonsecho thukuta kamukamu chifukwa cha kanati kakang'ono. Mdala anatsegula madzi, anayendetsa chala polumikizira paja, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Mawa ulawire," anatero.

Mwana wake anabadwa bambo ali pantchito. Lero Chimkono amaitanidwa uku ndi uku, ndipo akamaphunzitsa anzake amayamba wawalanda sipanala.

Ndiye inu amene mwalephera, mwathamangitsidwa, mwasekedwa, mtima usagwe. Mwina si inu olakwika, ndi kagwiridwe chabe. Ngati mlongo wanga, wouma mutu chonchija, anatha kusintha, inu mungalephere bwanji? Dzukani mukayesenso. Ndipo amene akukupirirani pamene mukuphunzira, kawathokozeni akadali moyo, chifukwa ine mpaka pano ndikudikira.