Pamunda Palibe Phando la Ziro

A Ezekiel Miti anaphunzitsa masamu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, zambiri mwa izo pa sukulu ina ya kufupi ndi Chiparamba. Anali mwana wa kalaliki wa mishoni ku Tamanda. Sankamwa mowa, sankachedwa ku ntchito, ndipo m'kalasi sankaseka. Nyumba imene ankakhalamo ndi akazi awo, a Zelipa, inali ya sukulu.

Maso anayamba kuwavuta ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Poyamba zinthu za m'mbali zinazimirira, kenako manambala a pa bolodi anasanduka utsi. Tsiku lina Loweruka anakwera njinga kupita kuchipatala mtauni osauza munthu. Dokotala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa. Mtsempha wa maso unali kufa, ndipo wofawo sudzauka. Atabwerera anauza a Zelipa okha. Ankadziwa kuti akuluakulu akamva adzawapumitsa ntchito, nyumbayo n'kupatsa wina.

"Ndiye mudzabisa mpaka liti, bambo?" anafunsa a Zelipa.

"Mpaka atandigwira."

Njinga anaisiya. Kalasi anaitulutsa panja, poti pa bolodi sankathanso kulemba mzere wowongoka. Anapempha kwa makolo zingwe zobzalira chimanga, zija zomanga mfundo pa phando lililonse. Chingwe china anachikoka kuloza kummawa nachitcha x, china kuloza kumpoto nachitcha y. Pamene zinakumana anaikapo mwala. Zonsezi ankazikhudza ndi manja, ndipo manja sanawanamize.

Ngodya ankaphunzitsa ndi nsungwi ziwiri zokhomedwa msomali umodzi kumapeto. Akazitsegula pang'ono, ana ankatchula madigiri. Akazitambasula zonse, ankafuula kuti 180. Ngodya ya madigiri 90 ankaipanga monga amachitira amisiri poyeza maziko a nyumba: ana atatu agwira chingwe, mbali ina mfundo zitatu, ina zinayi, ina zisanu, n'kukoka mpaka chikungike. Aphunzitsi anzawo anayamikira kuti mkuluyu wabweretsa njira zamakono. A Miti ankangoti, "Choko chikudula."

Phunziro la x ndi y linkayenda motere. A Miti aima pambali, atchula dzina la mwana ndi manambala awiri. Mwanayo ayambira pamwala, ayenda motsata x, akhotera ku y, akafika n'kufuula kuti wafika. Anzake akawomba m'manja, a Miti ankati wakhoza. Mapepala a timabokosi pa sukulupo panalibe, choncho phunziroli silinalowe m'kope la mwana aliyense.

Koma ana a kumeneko amayamba kubzala asanadziwe kulemba dzina lawo. Pamunda, mfundo yoyamba ya chingwe ndi phando loyamba. Palibe mlimi amene amaima pa phando n'kunena kuti ili ndi la ziro. Zaka zonse pamene maso anali bwino, a Miti ankagwira vuto limeneli tsiku loyamba lomwe, n'kulithetsa ndi kandodo. Chaka chimenechi anangolinena pakamwa.

"Mwalawu ndi ziro. Mwamva?"

"Eya, aphunzitsi!"

Pakamwa panavomera, koma mapazi anawerenga za kumunda. Mwana aliyense akaponda pamwala ankati mumtima, "Wanu," kuwerenga mwalawo ngati phando loyamba. Ana makumi anayi ndi asanu ndi mmodzi ankalakwa mofanana, ndiye panalibe wotsutsa mnzake. Ankawomba m'manja, a Miti n'kumati wakhoza. Zinatero milungu isanu.

Mu Malichi kunabwera woyendera sukulu wochokera ku Chipata, Mayi Tamiwe Jere. Anali atamva mbiri ya zingwezo ndipo ankafuna kudzionera kuti akauze aphunzitsi ena. A Zelipa anasita malaya oyera mmawa umenewo, ndipo anawauza amuna awo kuti kolala ili bwino.

Za nsungwi zinayenda. Mayi Jere anaseka ataona mnyamata wina akukana kuti chitseko chotsegula theka chili pa madigiri 90. Kenako a Miti anaitana mtsikana amene ankamudalira kwambiri.

"Monika! Atatu, awiri."

Monika anayambira pamwala, nayenda, nakhota. "Ndafika, aphunzitsi!"

Ana anawomba m'manja.

"Wakhoza," anatero a Miti.

Mayi Jere sanawombe. Anati, "Iwe mtsikana, usasunthe. Aphunzitsi, mwati waima pati?"

"Atatu, awiri, mayi."

"Mwamuona?"

"Wakhoza ameneyo. Ndi mwana wanzeru."

"Sindikukana nzeru zake. Tapitani mukaone pamene waima."

A Miti anayenda kufika pamwala, poti malo a mwala ankawadziwa. Kuchoka pamenepo panalibe njira ina. Anawerama, nagwira chingwe cha x, nayamba kuchitsata ndi zala pamaso pa ana onse. Mfundo imodzi. Mfundo yachiwiri. Pamenepo Monika anayankhula ndi mawu aang'ono, ali chakumanzere kwawo.

"Ndinakhotera pomwepo, aphunzitsi."

A Miti anatsata kumpoto. Atangopita phazi limodzi, dzanja lawo linagunda nsapato ya mwanayo. Monika anali pa awiri, mmodzi. Ali chogwada pomwepo, anafunsa:

"Unayamba kuwerenga pati, Monika?"

"Pamwala. Wanu."

"Nonse mumatero?"

"Eya, aphunzitsi," anayankha onse.

Mayi Jere anauza ana kuti alowe m'kalasi. Atatsala awiri, anafunsa motsitsa mawu, "Bambo Miti, maso anayamba liti?"

"Chino n'chaka chachiwiri."

"Ahedi akudziwa?"

"Akudziwa akazi anga."

"Mukudziwa kuti sindingapite osalemba."

"Lembani, mayi. Ndi ntchito yanu." Anadzuka, nasasa fumbi pa mawondo. "Koma mundibwereke maso anu mpaka belu lilire. Ana awa ndawasokeretsa ine."

Mayi Jere anaika chikwama pansi. Ana anatulukanso. A Miti anaimitsa mwana aliyense pamwala, mmodzimmodzi, atamugwira phewa. "Wayenda mapazi angati?" Mwana ankati sanayende. "Ndiye uli pa ziro. Kuno si kumunda kwa atate ako. Usawerenge mfundo, werenga mapazi." Mwana akayenda, Mayi Jere ankanena ngati waima pabwino kapena ayi. Belu litalira anali atafika pa mwana wa makumi atatu ndi mmodzi. Otsalawo anawamaliza mawa lake, ahedi ataima pambali.

Kalata inabwera mu Juni. Madokotala a boma anatsimikiza zomwe a Miti ankazidziwa kale, ndipo anapumitsidwa ntchito chifukwa cha matenda. Panalibe amene anawalalatira. Panalibenso phwando lotsanzikana. Ahedi anati adzakonza, koma sanakonze. Kumapeto kwa mweziwo katundu anakwera ngolo ya ng'ombe kupita ku Madzimoyo, kwa a Bonifasi, mlongo wa a Zelipa, amene anawapatsa nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa khola.

Ana aja analemba mayeso chaka chotsatira. A Miti sanafunse kuti akhoza angati, ndipo palibe anabwera kudzawauza.

Tsopano diso lakumanja linatsekekeratu, lakumanzere limangosiyanitsa usana ndi mdima. Mmawa a Zelipa asanapite kumunda amawakhazika pakhonde, thumba la mtedza mbali ina, lichero mbali ina. Amaswa mtedza mpaka dzuwa liwafike pa mapazi, kenako amadikira munthu woti awasunthire pamthunzi.