A Damiano ndi Dothi la Eni Ake

A Damiano sakhulupirira munthu. Funsani aliyense ku Marka akuuzani. Mukawalonjera kuti "Mwacherwa, a Damiano?" amayamba akuyang'anani m'manja kaye, kuyankha pambuyo. Mchere wa pamsika amaulawa asanagule, mbuzi amaitsegula kukamwa, ndipo wogulitsa akafulumira kutsitsa mtengo iwo amabweza katunduyo, ati pali chimene akubisa. Anthu amawaseka, koma ine kuseka kwake kumandikanika. Munthuyu anaoloka malire ali mnyamata, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, atasenza mphasa ndi khasu lopanda mpini, ndipo amene anaulula kumene banja lawo linabisala anali mnansi wodyera naye mbale imodzi. Zoterozo sizichoka m'mutu.

Amene anawalandira kuno ndi malemu bambo awo a Elias. Anawabwereka dimba m'mbali mwa Shire, lachinyontho chaka chonse, lobala chimanga ndi mbatata ngakhale dzuwa litapsereza mapira kumtunda. Kubwereka, osati kupatsa. Mawu amenewa a Damiano sanawaiwalepo. Mkuluyo atamwalira, mwini dimba anakhala a Elias, ndipo a Damiano anapitiriza kulimamo mwa chifundo chawo, minda yawo itagundana malire. Dimba limenelo ndilo ladyetsa banja zaka zonsezi, ndilonso linaphunzitsa Sellina, mwana wawo wamkazi, mpaka kukafika ku koleji.

Kolejiyonso a Damiano ankaikayikira. Sellina atawauza kuti akuphunzira sayansi ya nthaka pamodzi ndi bizinesi, iwo anakwinya nkhope.

"Ziwiri nthawi imodzi? Nanga ukamaliza udzakhala ndani, mlangizi kapena venda?"

"Ababa, sayansi imandiuza chimene nthaka ikudwala, bizinesi imandiphunzitsa kudyerapo pa nzeruyo," anatero Sellina. "Sindikayenda m'maofesi kupempha ntchito ine. Ndizidzayeza minda ya anthu konkuno, n'kumawagulitsa mbewu yoyenera munda uliwonse."

A Damiano anangopukusa mutu. Kwa iwo, munthu wolemera ndi minda ya eni ake ali ndi dzina lake pamudzi, ndipo si dzina labwino.

Chaka chimene madzi osefukira anasiya mchenga m'madimba, chimanga cha anthu chinamera chachikasu, chonyozoloka. Cha a Damiano chokha ndiye chinabiriwira, chifukwa Sellina anawauza pafoni kuti akumbe mapando akuya mpaka kupyola mchengawo. Wina akanavina. Iwo ayi, mtima unali m'mwamba, poti aliyense wodutsa ankaima n'kuyang'ana nthawi yaitali.

Kenaka Sellina anabwera kuholide. M'mawa uliwonse ankavala majombo, kutenga kakhasu, n'kubwerako dzuwa litakwera ndi chikwama cholemera, chimene ankachilowetsa kuchipinda osachitsegula pabwalo. A Damiano ankaona zonsezo atakhala pansi pa mtengo wa nimu, osafunsa. Kufunsa n'kutaya nthawi, iwo amatero, wofunsidwa amakonzeratu bodza.

Lamulungu lina Sellina ndi mayi ake atatsalira kutchalitchi pa zakwaya, a Damiano analowa kuchipinda n'kutsegula sutukesi. Abale inu! M'malo mwa zovala munali timajumbo tomanga bwinobwino, kalikonse muli dothi, kalikonse ndi dzina la mwini munda. Juliana. Sebastiano. Elias. Anakhala pansi.

Kuno kutapa dothi m'munda wa mnzako si masewera. Ndiyo mfumba imeneyo: umatapa pang'ono, kukalichitira mankhwala, zokolola za mnzako n'kumasamukira m'munda mwako. Choncho ndiyo sayansi yosakaniza ndi bizinesi ija! Nanga chimanga chobiriwira chija chinachokera kuti? Anamva chisoni ndi mwana wawo, anamva mkwiyo ndi aphunzitsi amene anamupusitsa, koma koposa zonse anachita mantha. A Elias akangomva, dimba lapita.

Mankhwala ake a zimenezi amadziwika: dothi libwerere kumene linachokera mwini wake asanadziwe. Anakokolola timajumbo tonse n'kuika m'thumba la feteleza. Linali dzuwa la masana, lija loswa mtengo, anthu onse ali m'mithunzi. Anayamba kwa a Juliana, kenaka kwa a Sebastiano, akumwaza dothi mofulumira, maso uku ndi uku. Pomaliza analowa m'munda wa a Elias. Ananjuta pakati pa chimanga chachikasucho, kukhuthula kajumbo, kukwirira ndi phazi, akunong'ona kupepesa kwa malemu aja amene anawalandira.

"A Damiano, mukuthira chiyani m'munda mwanga?"

Anali a Elias, atatulukira m'bango ndi mono paphewa. A Damiano anatembenuka, kajumbo kali m'manja.

"Dothi lanu lomwe, shamwali. Ndikubweza."

"Kubweza?" A Elias anatsitsa mono pansi. "Dothi langa ndinam'patsa Sellina ndekha, dzuwa likuwala, akazi anga akuona. Jumbo yake ndinamugwirira ndine. Akaliyeze kusukulu kwawoko, atiuze chimene chalowa m'minda mwathu. Tonse tinam'patsa, tikudikira yankho. Nanga ichi mukukwirira ndi phazi mozemba, milomo ikuyenda, n'chiyani?"

A Damiano anayesa kufotokoza, koma mawu ankatuluka opindika. Anene kuti chiyani, kuti ankamuyesa mfiti mwana wawo yemwe? A Elias sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangotembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana chimanga chobiriwira kutsidya kwa malire, kenaka chawo chachikasu, kenaka thumba la feteleza lija.

"Ndakhala ndikudabwa," anatero. "Kololani chimanga chanucho. Mukakolola, dimba la bambo anga ndikulifuna."

Kunyumba a Damiano anapeza Sellina atakhala pakhomo, sutukesi yopanda kanthu ili pamiyendo. Dothi lija linali ntchito yake ya chaka chomaliza, imene aphunzitsi a sayansi ndi a bizinesi omwe ankaidikira. Analira ndithu, mtsikana wamkulu ndi maphunziro ake onsewo.

"Ababa, mudzi wonse wandikhulupirira. Inu bwanji osangondifunsa?"

Aka kanali koyamba kuwaona a Damiano akuyang'ana pansi polankhula ndi munthu.

M'mawa mwake Sellina anapita kwa a Elias, kukagwada, kufotokoza zonse. A Elias anamvetsera mpaka kumapeto.

"Iwe ndilibe nawe chifukwa, mwananga. Katapenso dothi, ndikugwirira jumbo kachiwiri. Koma chimene chinatsanulidwa m'munda mwanga dzulo ndidziwa bwanji kuti ndi chomwe ndinakupatsa? Bambo ako sanakhulupirirepo munthu pamudzi pano. Lero afuna ine ndiwakhulupirire?"

Sanasinthe maganizo. Chimanga chitauma a Damiano anakolola, kusenza mapesi omaliza, n'kutuluka m'dimba limene analowamo ali mnyamata. Anatsala ndi kamunda kakumtunda kamene madzi osefukira aja anakakwirira ndi mchenga, kamene aliyense anakataya kale.

Asanabwerere kukoleji, Sellina anawatengera komweko. Anayenda uku ndi uku, kuponda, kufukula ndi chala, n'kuloza pansi.

"Kumbani apa, Ababa. Munda wathu tsopano ndi uno."

Anakumba. Mchenga, mchenga, kenaka kadothi kakuda pansi pake. Sellina anatapa, iwo atagwira jumbo ndi manja awiri, ndipo pamwamba pake analembapo dzina lawo.

"Nanga ukakapeza kuti pano sipangamere kanthu?" anafunsa a Damiano.

"Ndidzakuuzani zoona. Koma inu mudzandikhulupirira?"

A Damiano anamanga jumbo ija. Anam'patsa mwana wawo osamuyang'ana m'manja.