Utsi wa pa Chiwaya

A Bernadetta a ku Likoswe anali mayi wodziwa kudya, ndipo sankabisa. Anthu ena amadya ngati ali pa ganyu, koma iwo ankatafuna mwachifatse, maso atatsinzina, mpaka woonerera kuyamba kumeza malovu. Ankakonda futali wa mbatata wa nsinjiro zambiri, chigumu chongophula kumene, ndi tiyi wa masipuni anayi a shuga. Koma kuposa zonsezi ankakonda kaphukusi ka amuna awo.

Amuna awowo, a Mikaele, anali a kabaza, onyamula anthu pa njinga kupita ku Milepa ndi kubwerako. Anali munthu wochepa thupi, wochepanso mawu. Pamene ankabwera kudzakhala pa chikamwini m'mudzimo, a Mateyo, achimwene a Bernadetta omwe analinso nkhoswe, ananena poyera kuti munthu wa njinga yokhayu adzawaonetsa nthiti alongo awo. A Mikaele anangokwera njinga yawo n'kupita kuntchito. Madzulo ake anabwera ndi nyama ya nkhumba yokazinga ya pa chiwaya, yowaza mchere ndi tsabola, yokulunga m'nyuzipepala. Anaiika pa miyendo ya akazi awo n'kunena kuti, “Gwirani aka.”

Anachita zimenezi zaka makumi awiri ndi zinayi, kupatula Lachisanu ndi nyengo ya Lenti. Mawu oti ndimakukondani sanatulukepo m'kamwa mwawo, ndipo a Bernadetta sanawadikirirepo. Ankangomva belu la njinga pa mtengo wa mango, kenako fungo, kenako mawu awiri aja. Thupi linabwera, masaya anasalala, mikono inadzaza. Lamulungu a Mikaele ankawakweza pa kaliyala kupita ku Misa, thukuta lili kamukamu pa mtunda, koma nkhope ili yonyada. Mudzi wonse unkaona kuti mkamwini uja akusunga mkazi, ndipo a Mateyo ankangoyang'ana kumbali.

Chaka chatha, akuthyola nandolo kumunda, a Bernadetta anaona mdima masana, khosi likuwawa kumbuyo. Kuchipatala namwino wina wachitsikana, Fiona, anawakweza pa sikelo, n'kuwamanga lamba pa mkono, n'kupukusa mutu. Anati magazi akuthamanga kwambiri, ndipo shuga nayenso wafika pakhomo. Anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti achepetse mchere, shuga ndi zamafuta, azidya masamba ndi mgaiwa, komanso aziyenda pansi. A Bernadetta anafunsa ngati nyama ya nkhumba ili m'gulu lomwelo, ngakhale kachidutswa chabe. Fiona anaseka n'kunena kuti kachidutswa ka tsiku ndi tsiku ndi kamene kawafikitsa pa benchi imeneyo.

Akanakhala wina akanangomwa mapiritsiwo n'kupitiriza kudya. Koma a Bernadetta anali atadwazika mayi awo, omwe anafa ziwalo mbali imodzi n'kugona pa mphasa zaka ziwiri, pakamwa patapotoka. Ankakumbukira kulemera kwa thupi lija polisambitsa. Anachita mantha enieni.

Shuga m'tiyi anasiya, ngakhale kuti tiyiyo ankamumwa nkhope itakwinya ngati ndi mankhwala a malungo. Futali anasiya. Ku Misa anayamba kupita wapansi, n'kuwauza amuna awo kuti ndi lonjezo limene achita kwa Mulungu. Chinawakanika ndi kaphukusi kaja. Akanayamba bwanji kumuuza munthu kuti chinthu chokhacho chimene ankadziwa kupereka ndi chimene chikuwapha? Anayeserera mawu ake akutsuka mbale, akusesa, koma belu likangolira onse ankabalalika.

Choncho ankalandira ndi manja awiri monga kale, n'kunena kuti adyera kukhitchini uku akutenthetsa madzi osamba. Kuseri kwa khitchiniko kunali mpanda wa udzu, ndipo kuseri kwa mpandawo kunkakhala Idesi, mayi wamasiye wa ana awiri. A Bernadetta anamulumbiritsa kuti asauze munthu. Asanapereke, ankayamba afunyulula pepala lija n'kuyang'ana. Chikopa chokhuthara chija, mafuta akunyezimira, tsabola atamatirira m'mbali. Ankanunkhiza mpaka misozi kulengeza, ndipo si tsabola yekha ankachititsa. Kenako ankadutsitsa dzanja pa bowo la mpanda, n'kubwerera kukadya nkhwani zopanda mchere.

Patatha miyezi isanu chitenje chinayamba kuzungulira mopitirira, ndipo bulauzi ya Amayi Achikatolika inapita kwa telala kukabweza. Mutu unasiya kuwawa, mtunda wa kutchalitchi ankaukwera osapumira. Koma kwathu kuno mkazi wapabanja saonda popanda chifukwa: kaya ndi matenda aja osatchula, kaya m'nyumba mwalowa njoka. Tsono nthawi yomweyo Idesi, amene kale anali ngati phesi, anayamba kuwala masaya, ana ake milomo ili noninoni. Amayi a pa mjigo sanafunike kupita kusukulu kuti aphatikize ziwirizi. Inamveka mudzi wonse kuti kaphukusi ka a Mikaele kasintha khomo.

A Mateyo anali atadikira tsiku limeneli zaka makumi awiri ndi zinayi. Lamulungu masana anaitanitsa nkhoswe ya kuchimuna, onse n'kukhala pansi pa mango uja. Analankhula nthawi yaitali, mokoma ndithu, za mlongo wawo amene watha ngati sopo. Pomaliza anatulutsa m'thumba la jekete manyuzipepala a madontho a mafuta, otoledwa kudzala kwa Idesi, n'kuwayala pansi limodzilimodzi. Anati ngati mlamu watopa, njinga yake ili apo, msewu akuudziwa.

A Mikaele sanadziteteze. Anatola pepala limodzi, n'kulitembenuza, ndipo anazindikira mapindidwe ake, chifukwa ankapinda okha makona onse anayi kuti mafuta asadonthe. Kenako anayang'ana akazi awo. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, munali funso lokha, ndipo a Bernadetta anaona kuti bola akanakalipa.

A Bernadetta analowa m'nyumba, n'kutenga buku la kuchipatala limene ankalibisa pansi pa matiresi, n'kudzaliika pamwamba pa mapepala aja. Anafotokoza zonse: za mdima wa kumunda, za sikelo, za mayi awo pa mphasa, za bowo la mpanda. Anati Idesi alibe mlandu, mlandu wake ndi njala basi. Nkhoswe ya kuchimuna inatsokomola pobisa kuseka. A Mateyo anati akanena kale zimenezi anthu sakanavutika, kenako anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zawo sanazimwetse.

Atatsala awiri, a Mikaele anatola buku lija n'kumalisisita ndi chala.

“Ndiye kuti, amake Sungani, zaka zonsezi ine ndimakututirani matenda?”

“Ayi, bambo ake Sungani. Palibe chinthu chimene ndinadyapo chokoma ngati chimene chija. Mpaka lero ndimachilota.”

A Mikaele anagwedeza mutu, koma sizinaoneke kuti mawuwo awafika pamtima.

Lolemba dzuwa likupendeka belu linalira pa mango. A Bernadetta anatuluka pakhonde n'kupeza amuna awo ataima pambali pa njinga, akupukuta chishalo chimene chinali choyera kale. Anapukuta hendulo, anagwiragwira matayala, anayang'ana tcheni. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, sankadziwa kalowedwe ka m'nyumba mwake ali chimanjamanja. Pomaliza anangopereka moni ngati mlendo n'kukakhala pa mpando.

Tsiku lina anabwera ndi magwafa, lina mapapaya, lina nkhaka. A Bernadetta ankathokoza n'kudya, koma zipatsozo a Mikaele ankazipereka chamumtima, osanena kanthu, ngati munthu wobweza chinthu chobwereka. M'nyumba munazizira. Thupi linali litapepuka, Fiona ankayamikira mwezi uliwonse, koma a Bernadetta ankasowa mtendere. Ankalakalaka nyama ija, inde, mpaka nthawi zina ankadzipeza akutafuna m'kamwa mopanda kanthu. Koma ankalakalaka kwambiri munthu amene ankabwera nayo.

Loweruka lina akuchapa, ananyamula malaya a kuntchito a amuna awo n'kuwayandikiza kumphuno monga ankachitira kale asanawaviike. Ankamveka thukuta ndi fumbi basi. Kale malayawo ankanunkha utsi wa nkhuni ndi mafuta a nkhumba, chifukwa a Mikaele ankaima pa chiwaya kudikira kuti awasankhire ya chikopa. Apa m'pamene anazindikira kuti bamboyo anasiya ngakhale kudutsa njira ya pamsika, akuzungulira kutali ndi miyendo yake yotopayo, kuthawa chiwaya ngati malo amene anapalamulapo mlandu.

Madzulo ake a Bernadetta anawapatsa amuna awo madzi akumwa n'kukhala nawo pafupi.

“Ndili ndi pempho. Kuyambira mawa muzidutsa pa chiwaya paja. Musagule kanthu. Muzingoima pang'ono mbali imene kukupita utsi.”

A Mikaele anawayang'ana ngati sanamve bwino, koma sanafunse.

Anthu a pamsika amaidziwa nkhaniyi, ndipo ena amaseka. Tsiku lililonse, kupatula Lachisanu ndi nyengo ya Lenti, mkulu wina wa kabaza amatsamiritsa njinga pa mtengo, n'kukaima kumene mphepo ikukankhira utsi, maso akutuluka misozi, osagula ngakhale kachidutswa. Wokazinga nyama anawazolowera, moti amachita kutembenuza nyamayo mwadala kuti utsi uchuluke.

Tsiku loyamba limene anachita zimenezi, a Bernadetta anali pakhonde ndi mbale ya nandolo wowiritsa wopanda mchere. Belu linalira, ndipo fungo linafika munthu asanafike. Anatsinzina. A Mikaele anatsamiritsa njinga osaipukuta, anakhala pa mkeka pafupi nawo, n'kuyang'ana manja awo opanda kanthu. Kenako anatambasula mkono, malaya ake akununkha utsi, n'kuuika pa miyendo ya akazi awo.

“Gwirani aka,” anatero.

A Bernadetta anaugwira ndi manja awiri, ndipo nandolo uja anazizira m'mbale.