Dzanja lamanja la agogo ndi mabokosi a m'gemu

Makina a magemu ndinagula kumapeto kwa Novembala, pa Lachisanu lija masitolo amatsitsa mitengo anthu n'kumapondana pakhomo. Ndinagulira ine mwini. Ndinali nditagwira ntchito yojambula mapulani a nyumba pa kampani ina ku CBD, pakati pa mzinda, kwa zaka zinayi, ndipo paubwana wanga wonse makina oterewa ndinkangowaonera pamawindo a anthu. Nditafika nawo kunyumba ndinawalowetsa kuchipinda kwanga n'kutseka chitseko.

M'nyumba yathu ku Block 8 tinkakhala awiri, ine ndi agogo anga obereka bambo. Bambo anali telala muno mu Gaborone. Anamwalira patangotha chaka amayi atatsogola, ndipo agogo anachoka ku Dedza kudzanditenga. Sanabwerere. Anati mwana wayamba kale sukulu, asasokonezeke. Anayamba kugulitsa kaunjika pafupi ndi pokwerera mabasi, ndipo ndi kaunjikayo anandiphunzitsa mpaka ndinapeza ntchito. Iwo ndi olankhula, ine ndine wongoyang'ana. Tinkagwirizana choncho.

Mu Ogasiti chaka chimenecho agogo anadwala sitiroko. Mwendo unachira msanga, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanja linatsala lofumbata ngati labisa kanthu. Dokotala wa mafizo anawapatsa kampira kofewa koti azifinya tsiku lililonse. Anatiuza mosabisa kuti dzanja likapanda kugwira ntchito miyezi yoyambayi, likhoza kuumiratu. Agogo anafinya masiku awiri, lachitatu anaponyera kampirako galu wa aneba.

"Ine si mwana wa mphaka woti ndizisewera ndi timipira," anatero.

Loweruka lina masana ndikusewera gemu ya mpira, ndinamva ndodo ikugogoda chitseko.

"Amuna anga, mwabisa mkazi wina m'menemo? Nanga chiphokoso cha anthu chikuchokera kuti?"

Agogo amanditchula amuna awo kuyambira ndili wamng'ono, monga amachitira agogo akwathu ndi zidzukulu zawo zazimuna. Nditatsegula anaima n'kuyang'ana TV nthawi yaitali. Mpira amaukonda kwambiri. Pamsika wailesi yawo sinkazima Loweruka.

"Anyamata awa akuthamangitsidwa ndi inu?"

"Eya, agogo. Ndi padi iyi."

Ndinawaonetsa padi, kachipangizo kogwira ndi manja awiri kaja. Chala chachikulu chakumanzere chimathamangitsa wosewera, chakumanja chimapatsira ndi kumenya kugolo. Ndikufotokoza choncho ndinayang'ana dzanja lawo lija. Tsiku lomwelo ndinasamutsira makinawo pabalaza. Nditamufunsa dokotala wa mafizo, anaseka n'kunena kuti chilichonse chomwe chingayendetse chala chimenecho iye alibe nacho vuto.

Masiku oyamba osewera awo ankangotuluka m'bwalo. Agogo ankawakalipira mmodzimmodzi, kuwafunsa ngati adya, kuwauza kuti abwerere kumudzi akalime. Koma sankasiya. Ndikamapita kuntchito ndinkawayatsira, pobwera ndinkapeza padi ili yonyowa ndi thukuta mbali zonse ziwiri. Chapakati pa Disembala chala chachikulu chinayamba kudzuka chokha. Tsiku lina ndinawaona akutakasa tiyi ndi dzanja lamanja. Ndinachita ngati sindinaone, kuopa kuti asiya.

Kenako gemu ija inavala za Khirisimasi. Ukangoyatsa, pankabwera mabokosi owala, akuti atsika mtengo kwa masiku ochepa okha. Bokosi umalipira usanaone zam'kati. Ukalitsegula mumatuluka osewera oti uwonjezere mu timu yako, nthawi zambiri achabechabe, mwa apo ndi apo katswiri. Cholakwa changa chinali chakuti ndinagula limodzi agogo akuona. Magetsi anaphethira, ng'oma zinalira, wosewera anatulukira mu utsi.

"Ili ndi belo," anatero agogo motsitsa mawu.

Nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Ndi imene ankakhala nayo m'mawa wa tsiku lodula belo la kaunjika, mawaya asanaduke, asanadziwe ngati muli majekete abwino kapena zisanza. Zaka zonse zija ankati ntchito ya pamsika ndi yowawa, koma m'mawa umenewo ankaimba.

Khadi yanga yakubanki inali italowetsedwa kale m'makinamo, ndiye kugula kunali kungodina. Madzulo ankamasula kachikwama kawo n'kundipatsa mapula, ndalama za kuno. "Zanu izi. Lero ndadula awiri." Ndalamazo zinali zawo, ndipo munthu amene anandilera ndi kaunjika sindikanamuwerengera zimene wasangalalira. Ndinkangolandira.

Makampani a zomangamanga amatseka chapakati pa Disembala, choncho ndinayamba kukhala pakhomo tsiku lonse. M'mamawa wina ndikutsuka mbale ndinasuzumira pabalaza. Agogo anali ataika padi pamiyendo. Ankadina ndi chala chimodzi chakumanzere, bokosi n'kutseguka, n'kudinanso. Kenako ankatha ola lathunthu akusanja osewera awo, kuwasintha malo, kuwayang'ana ngati zovala zoyala patebulo. Dzanja lamanja linali pansi pa chitenje. Atapita kukasamba ndinayang'ana m'makinamo, ndipo ndinapeza kuti panali patatha masiku asanu ndi limodzi asanasewere mpira ngakhale umodzi. Masana amenewo supuni anaigwira ndi kumanzere.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinafunsa bambo wina wakwathu amene amaphunzitsa za makompyuta kuyunivesite, wokhala kudera lotchedwa The Village. Anandiuza kuti mayiko ena ku Ulaya amawatenga mabokosi amenewa ngati njuga, moti kwina anawaletsa, kwina amakakamiza opanga magemu kulemba poyera kuti mwayi wopeza katswiri ndi wochepa bwanji.

"Nanga kuno?"

"Kuno ine sindinamvepo, achimwene. Boma lake ndinu nomwe pabalaza panupo. Ndi mwana wa zaka zingati?"

Sanadikire yankho. Anandionetsa pafoni mmene kholo limatsekera mwana kuti asagule kanthu popanda chilolezo.

Makinawo amafuna kudziwa kuti kholo ndani, mwana ndani. Masana amenewo agogo atagona chifukwa cha kutentha, ndinadzilemba ine kholo. Iwo ndinawalemba mwana wa zaka khumi. Ndinadziuza kuti aganiza kuti mabokosi atha, abwerera ku mpira, nkhani ithera pomwepo popanda wina kutsegula pakamwa. Moyo wanga wonse zinthu ndinkakonza chonchi, mwakachetechete.

M'mawa mwake anadina, pa TV panabwera mawu achingerezi. Anadinanso, mawu omwewo. Ine ndinali kuseri ndikuyanika zovala. Ndinawamva akuitana aneba athu pampanda, mayi wa Chitswana wopuma pantchito ya boma, amene amacheza nawo m'Chitswana chawo chapamsika.

"Dumela, mma. Tabwerani mundiwerengere, chinthuchi chafa."

Mayiyo analowa, anavala magalasi, anawerenga, kenako anaphulika kuseka.

"Sichinafe, agogo. Akuti ndinu mwana. Akuti mukapemphe kaye kwa kholo lanu!"

Anaseka mpaka anagwira chitseko. Agogo anaseka nawo pang'ono, n'kumuperekeza mpaka pageti. Pobwerera anandipeza ndili chiimire ndi malaya onyowa m'manja. Sanakalipe.

"Abambo," anatero, "kodi ndingamwe tiyi?"

Kuyambira pamenepo dzina langa linali limenelo. Abambo, ndingatsegule windo? Abambo, nthawi yogona yakwana? Padi anaikulunga m'kansalu n'kuiika pamwamba pa kabati. Pa Khirisimasi tinapita kutchalitchi, tinadya mpunga ndi nkhuku, anapempha chilolezo chotenga chiwalo chachiwiri. Ine maso anga anali padzanja. Chala chachikulu chinali chitabwereranso m'kati mwa zinzake. Povala nsapato ankazikoka ndi kumanzere kokha.

Ndinkadziwa kuti nditangotsegula mabokosi aja, padi itsika pakabati tsiku lomwelo. Ndinkadziwanso dzanja limene likaigwire. Choncho njira imeneyo ndinaikana. Koma kuwasiya chonchi kunalinso kutaya dzanja lomwelo, ndipo tsiku lililonse limene ndinkakhala chete linali kupita.

Tsiku lotsatira Khirisimasi ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba ndi dzanja limodzi. Ndinakhala pansi pasimenti.

"Agogo, ndinalakwa. Ndinachita mobisa, ndipo ndinakuchititsani manyazi pamaso pa aneba. Pepani."

"Ndalama zinali zanga."

"Zinali zanu."

"Ndinakuberanipo?"

"Ayi. Sindikudandaula ndalama. Mabokosi mumatsegula ndi kumanzere. Ndinakuonani. Mpira munasiya, supuni munasinthira dzanja. Mukapitiriza, limenelo liuma, ndipo ine sindilola."

Ndikuganiza kuti chibadwire ndinali ndisanawauzepo mawu ambiri chotero nthawi imodzi. Anandiyang'ana ngati akuona mlendo. Ndinawapempha kuti tilowe m'nyumba. Ndinayatsa makina, ndinachotsa za umwana zija iwo akuona, n'kulemba chaka chawo chenicheni chobadwa. Kenako, akuonabe, ndinachotsa khadi yakubanki.

"Tsopano palibe angagule bokosi muno. Inu kapena ine."

"Ndiye chasintha n'chiyani? Mbava yausiku yangosanduka yamasana."

"Eya."

Anakhala pampando, n'kuyang'ana TV.

"Mukudziwa kusewera ndi chimakina tsiku lonse? Ukachinya sichidandaula, chikakuchinya sichiseka. Kuli ngati kukangana ndi khoma. Inu mukabwera kuchokera kuntchito, moni, kenako kuchipinda ndi foni yanu. Mabokosi aja ankandiimbirako ng'oma."

Zonse ndinaziona, thukuta la papadi, supuni, nsapato, koma ichi chinandidutsa.

M'mawa mwake ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita kusitolo kumene ndinagula makina aja. Katundu wotsala pa Khirisimasi anali atamutsitsanso, ndipo ndinapeza padi yachiwiri pa theka la mtengo. Wogulitsa anatulutsa timakhadi togulira mabokosi, akuti ndikatenga pamodzi ndi padi andichotserako zambiri, mwayi wake utha pa Chaka Chatsopano.

"Ke a leboga, rra," ndinamuthokoza m'Chitswana. "Padi yokha."

Kunyumba ndinatsitsa padi yawo pakabati, ndinaimasula m'kansalu n'kuiika pampando wawo. Anaisuntha n'kukhala pambali pake. Ndinawaitana kuti tisewere, anati maso akuwawawa. Tsiku lachiwiri anati akumvera nyimbo. Sindinakakamize, koma nthawi ikakwana faifi madzulo ndinkayatsa, n'kukhala pabalaza pomwepo, osati kuchipinda.

Tsiku lachitatu ndinasankha timu yawo, ya osewera a m'mabokosi aja, n'kuyamba kuisewera moipa dala. Panali wosewera wina wamtali wakutsogolo amene ankamunyadira kwambiri, ankamutcha mpongozi. Ndinamuthamangitsa mpaka kunja kwa bwalo. Ndinamumenyetsa mpira kumwamba golo ili yopanda munthu. Kachitatu ndinamubweza kuti akachinye kwawo.

"Mukuchita dala."

"Ndi wofooka basi, agogo. Anakugulitsani chisanza."

"Chisanza ndinu! Mukundiwonongera anyamata. Bweretsani kuno."

Anatenga padi yawo n'kuiika pamiyendo, chala chakumanzere chili chokonzeka.

"Manja awiri," ndinatero.

Anandiyang'ana moipa. Kenako anatulutsa dzanja lamanja pansi pa chitenje, analinyamula ndi linzake, n'kulikhazika papadi. Anatambasula chala chachikulu ndi zala zakumanzere mpaka chinafika pabatani. Zinawawa, ndinaona pakamwa pawo. Ine ndinatenga timu ina ndi padi yatsopano.

Ndinawachinya zigoli zisanu ndi chimodzi kwa duu. Sindinawamvere chisoni, chifukwa akanadziwa, ndipo akanaponya padiyo uko.

"Wopanda ulemu," anatero akupukuta thukuta. "Munthu wodwala kumuchita chonchi. Tibwereze. Koma ndikapambana mutsegula bokosi limodzi."

"Ayi."

"Tikafanana mphamvu?"

"Ayi, agogo."

"Ndikangochinya chimodzi chokha?"

"Ngakhale muchinye khumi."

"Chabwino, amuna anga. Ndikukwapulani ulere."

Sanandikwapule tsiku limenelo, ndipo mpaka pano sanapambanepo. Chigoli chawo choyamba chinabwera mu Febuluwale, cha mpongozi yemweyo, ndipo anakuwa mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Timasewera tsiku lililonse ndikaweruka. Anzanga akuntchito anasiya kundiitana kokacheza Lachisanu. Masiku ena agogo amakhala atatopa, ine ndimayatsabe n'kuwaikira padi pamiyendo.

Zala zitatu zinatambasuka. Ziwiri zakumapeto zikadali zopindika, ndipo dokotala wa mafizo akuti mwina zikhala choncho, mwina ayi. Ine ndinagwira mawu akuti mwina ayi.

Mabokosi sanachoke m'gemumo. Tchuthi chilichonse amabwera atavala zina, akuti atsika mtengo kuposa kale, ndipo agogo sanasiye kuwayang'ana. Dzulo anaima pa limodzi nthawi yaitali, lagolide, likuphethira.

"Limodzi lokha," anatero. "Ndikumva m'thupi kuti muli katswiri."

"Ayi. Sankhani timu."

Anang'ung'udza kuti analera mwala, osati munthu. Kenako anadina batani lobwerera ndi chala chakumanja, tinayamba mpira.